Azakhali Anapita ndi Mbiri ya Eni

Kumpingo kwathu ku Chikomeni munthu akamwalira, uthenga umafika kwa ine usanafike kwa okumba manda. Sikuti ndine wofunika ayi. Kungoti ndimalemba zooneka bwino, ndiponso ndinaphunzitsa ku pulayimale mpaka kupuma, ndiye anthu anangogwirizana okha, osandifunsa n'komwe, kuti wolemba mbiri ya womwalira ndi ine. Ntchitoyi ndinaitenga ngati chimfine, osadziwa kuti wandipatsira ndani.

Bambo anga anali mlaliki wa m'midzi, wa njinga yopanda mabuleki, ndipo kuwerenga ndinaphunzirira pa Baibulo lawo chifukwa m'nyumba mwathu munalibe buku lina kupatula la nyimbo. Chimene chinandigwira mtima ndili mtsikana sizinali zozizwitsa za m'menemo. Chinali chakuti anthu ake anali osalongosoka ngati a pamudzi pathu pomwe: abodza, amantha, ansanje, olanda akazi a eni, ndipo Mulungu osawataya. Ndinakula ndikudziuza kuti tsiku lina ndidzalemba za anthu akwathu mwanjira yomweyo, zoipa ndi zabwino pamodzi, kuti wowerenga aone pamene Mulungu anamugwira dzanja munthu. Ndimakhulupirira zimenezi mpaka lero.

Koma taonani zimene ndakhala ndikulemba zaka zonsezi. Anabadwa chaka chosadziwika bwino. Anabatizidwa. Analowa m'banja loyera. Anali wokonda mapemphero, wochereza alendo, ndipo sanakanganepo ndi munthu. Anadwala, madokotala anayesetsa, koma Mulungu anawakonda koposa. Basi, yatha. Mutamamvera maliro a kwathu mungaganize kuti ku Lundazi kuno sikunafepo munthu wamkamwa. Ndinalembapo kuti "wofatsa" za bambo wina amene anathyola mkono wa mnansi wake chifukwa cha malire a munda, ndipo mnansiyo anali pomwepo pamaliro, akugwedeza mutu kuvomereza. Ndikayesa kuikamo kanthu koona, ngakhale kakang'ono, abale amandiyang'ana ngati ndalavulira m'chitsime, wina n'kunena kuti, "Aticha, pamalilo si pa khoti." Ndimafufuta mtima ukuwira, kenako ndimapita kukathandiza kutunga madzi.

Munthu amene anakana zimenezi anali azakhali anga, mlongo wa bambo, amene kwathu timawaitana kuti ankhazi. Anali mayi wamtali, wa mawu okhuthala, wosadziwa kunong'ona. Kuimba ndiye kunawakana kotheratu. Akayamba nyimbo m'tchalitchi, a benchi lonse ankasokera nawo, mpaka wotsogolera kwaya anawapempha mwaulemu kuti iwo azingowomba m'manja. Nkhaniyi ankaifotokoza okha akuseka, ndipo kuimbako sanasiye.

Anandiitanitsa m'mwezi wotentha uja mvula isanagwe, atadwala kale mpaka kulephera kupita kumunda. Ndinawapeza atagona pamphasa pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuwadumpha miyendo.

"Monire, ankhazi."

"Monire, mwana wa mlongo wanga. Wabwela na bolopeni?"

Ndinati ndabwera nayo, chifukwa m'chikwama mwanga simusowa.

"Khala pansi ulembe mbili yanga manje, nikali na mpweya. Vija vamene mumawelenga pamalilo sinivifuna. Ulembe kuti ninatcheza kachasu. Osati kuti amama anali na kabizinesi. Kachasu."

Nkhaniyo ndinkaidziwa, monganso mudzi wonse, koma sindinamvepo munthu akuitchula mokweza. Amuna awo anapita kumigodi ana ali aang'ono, n'kukatchona komweko. Azakhali anagula mgolo, n'kuuika kuseri kwa nyumba pafupi ndi nthochi, ndipo anatcheza kachasu mpaka ana anakula. Mpingo unawadula. Pa mgonero sankaloledwa, amayi a chigwirizano anawalanda bulauzi yoyera, ndipo ena akakumana nawo panjira ankayang'ana chimanga cha m'mbali. Iwonso anakwiya, n'kusiyiratu kuponda pakhomo la tchalitchi.

Chimene sindinkadziwa chinali mmene anabwererera. Ndinkayembekeza maloto kapena matenda oopsa, monga timamvera m'maumboni. Anati ayi, kunalibe mngelo. Kunali mayi mmodzi wachikulire wa chigwirizano amene akaweruka kumapemphero a Lachinayi ankapatukira kwa iwo, atavala bulauzi yake yoyera yomweyo, n'kukhala pa mwala pafupi ndi mgolo. Sankalalikira. Ankangotulutsa mtedza n'kumasenda, utsi ukumulowa m'maso, zidakwa zikumulonjera mwamanyazi. Azakhali anamutukwanapo, anamuthamangitsapo, koma Lachinayi lotsatira ankapezeka pa mwala pomwepo. Tsiku lina azakhali anaona kuti bulauzi ija yasanduka yotuwa, yosayeranso ngakhale ichapidwe, ndipo chinawapweteka mumtima. Lamlungu lake anapita kukakhala benchi lakumbuyo kwenikweni, chitenje chikununkha madeya owola. Mgolo sanausiye tsiku lomwelo. Zinatenga nthawi, kugwa ndi kudzuka, koma mapeto ake anabwezeredwa, ndipo mayi uja ndi amene anawaveka bulauzi yatsopano.

Nditalemba ndinawafunsa kuti nanga bwanji akufuna zimenezi zikamveke pamaliro, poti anthu anaiwala kale. Analoza ndi mlomo kutsidya kwa dambo kumene kumakhala mwana wawo wotsiriza, msuweni wanga wamkazi. Iyenso mwamuna anamusiya ndi ana. Mgolo wa mayi ake uja, umene unangokhala kuseri ukuchita dzimbiri, anautenga n'kuuika pamoto. Mpingo unamudula, ndipo nayenso anasiya kubwera.

"Nikamuuza ine, akuti amama mwakalamba, mwaiwala njala," anatero azakhali. "Aganiza ati kuli anthu oyela na anthu a mgolo, basi. Koma akakamva pamalilo, pagulu, pamaso pa akulu a mpingo omwewo, azaziwa kuti chitseko sichinakhomewe. Ine chuma nilibe. Chamene ningamusiyile ni ichi chabe."

Ndinawawerengera zimene ndinalemba, iwo n'kumakonza. Pamene ndinalemba kuti "anthu ena ankawasala" anati ndilembe kuti "Akhristu." Pamene ndinalemba kuti "anakhumudwa" anati ndilembe kuti "anatukwana." Ndinabwerera kunyumba ndikupalasa njinga ngati kamtsikana. Kunena zoona ndinasangalala, ngakhale kuti munthu anali kufa, chifukwa kanali koyamba kulemba mbiri imene mwini wake akanaizindikira ataimva.

Anamwalira mvula yoyamba itagwa. M'mawa wa tsiku loika maliro abale tinakumana m'chigafa cha fodya, monga mwa mwambo, kuti mbiri imveke kaye pakati pathu isanapite pagulu. Pamenepo ndi pomwe panali mwana wawo woyamba, msuweni wanga wamwamuna, amene amagwira ntchito m'tauni ndipo ndi mkulu wa mpingo kumeneko. Anabwera pagalimoto, ndi anzake ovala masuti amene anakhala pamipando pansi pa mango, akupukuta nsapato ndi mipango. Anatenga pepala langa, n'kuwerenga chamumtima. Atafika pakati anavula magalasi.

"Asisi, ivi ni vichani?"

"Ni mbili ya amama anu. Anachita kukamba okha, ine ninangolemba."

"Amama anali odwala. Mutu unali utazungulila."

Ndinati mutu wawo unali bwino kuposa wa tonse amene tinali m'chigafamo.

"Nabwela na anzanga a ku ofesi, nabwela na abusa athu a ku tauni. Mufuna akabwelele akakambe chani? Ati uja mkulu wa mpingo ni mwana wa kachasu?"

Apa ndiye mtima unandikwera. Ndinamuuza kuti sukulu imene inamufikitsa ku ofesiko inatuluka mu mgolo womwewo, ndipo kuti ineyo ndikukumbuka ali mnyamata akunyamula nkhuni za mgolowo. Ndinamuuzanso chifukwa chimene mayi ake anafunira mbiriyo, kuti ndi chifukwa cha mlongo wake. Anayankha kuti mlongo wakeyo wachititsa kale manyazi banja mokwanira, asawonjezerenso. Amalume ndi abambo aang'ono, amene theka la iwo anali makasitomala a azakhali, anangoti zyoli kuyang'ana pansi. Mmodzi anatsokomola n'kunena mawu aja ndinatopa nawo. "Aticha, tili pa malilo."

Anandiuza kuti ndilembe ina, yabwinobwino. Ndinakana. Ndinati dzanja langa latopa ndi kuyeretsa anthu amene Mulungu anawayeretsa kale mwanjira yake. Msuweniyo anati palibe vuto, nayenso sukulu anapita. Anatulutsa pepala loyera la ku ofesi, n'kukalemba yekha pa boneti ya galimoto yake, n'kulipereka kwa mkulu wa mpingo wathu amene amawerenga mbiri kumanda. Langa ndinalitenga, ndinalipinda n'kuliika m'chikwama.

Tsono mkulu wathuyu muyenera kumudziwa. Ndi bambo wokalamba, wabwino mtima, amene sanatayepo pepala chibadwire. Baibulo lake ndi lotupa ngati mtolo, lomangidwa ndi mphira ya chubu cha njinga, ndipo mkati mwake muli zolengeza za zaka zapitazo, mayina a ana obatizidwa amene pano ali ndi ndevu, ndi mbiri za anthu onse amene anawaikapo. Maso ake ndi ofooka, koma magalasi amati ndi a anthu okalamba. Pepala la msuweni wanga analilandira ndi manja awiri n'kulilowetsa m'menemo.

Kumanda mitambo inali itada kale cha kum'mawa, mphepo ikuulutsa maduku. Amuna anaima mbali yawo, ife amayi tinakhala pansi mbali yathu. Nyimbo itatha mkulu uja anamasula mphira, anafufuza, n'kutulutsa pepala. Nditangoliona ndinalizindikira. Linali la mizere, lochokera m'kope la sukulu, lopindidwa panayi mmene ndimapindira ine. Msuweni wanga analemba pa pepala loyera la ku ofesi. Limene linali m'manja mwa mkuluyo linali langa, koma osati la azakhali. Inali mbiri ya mayi wina wa mudzi wa kuseri kwa phiri, amene tinamuika mwezi wapitawo.

Ndinadziuza kuti akangowerenga dzina pamwamba azindikira. Koma iye anakweza mutu n'kuyang'ana gulu. "Dzina sinitchula, tonse tiwaziwa amama agona apa," anatero, n'kutsitsa chala kupita pamzere wachiwiri.

Anawerenga kuti anabadwa chaka chosadziwika bwino, anthu n'kuvomera. Anabatizidwa, analowa m'banja loyera, anthu n'kuvomera. Anali wofatsa, wosakweza mawu, wosakanganapo ndi munthu. Azakhali anga amenewo, amene akamakalipira mbuzi ankamveka kutsidya kwa dambo. Chibatizidwire sanaphonyepo mgonero. Apa ndinayang'ana akulu a mpingo amene ena a iwo analipo tsiku lowadula, ndipo onse nkhope zinali zachifundo, mitu ikugwedera. Kenako anafika pa mzere umene ndinati apa pokha ndiye wina adzuka. Mayi ameneyu anatumikira Mulungu m'kwaya kuyambira utsikana wake, ndipo mawu ake okoma adzasowa m'tchalitchi mwathu.

"Eee, zoona," anatero munthu wina kumbuyo kwanga mokweza. Nditacheuka ndinapeza kuti ndi wotsogolera kwaya yemwe uja anawapempha kuti azingowomba m'manja.

Ndinayamba kudzuka. Sindikudziwa chimene ndikananena, chifukwa kwathu mkazi sayankhula kumanda, koma miyendo inadzuka yokha. Mayi amene anali pambali panga anandikoka chitenje n'kundikhazika pansi, akundisisita pamsana. "Limbani mtima, aticha, muzalila kunyumba." Mbali inayo wina anandigwira dzanja. Ndinakhala pakati pawo ngati wakuba wogwidwa, misozi ikutsika, iwo n'kumati ndi chisoni pamene unali mkwiyo weniweni. Chiyembekezo changa chomaliza chinali pa ana, poti mayi winayo anasiya ana ambiri kuposa azakhali. Bingu linagunda mkulu uja asanafikepo. Anayang'ana kumwamba, n'kupinda pepala. "Ana na vizukulu mukuviona mweka," anatero, ndipo okumba anayamba kukwirira mofulumira.

Pobwerera msuweni wanga wamwamuna anandipeza panjira atafunda ambulera, maso ali ofiira. Analira ndithu, sindingamunamizire.

"Mwamva, asisi, mwamene timalembela mbili? Palibe amene wakhumudwa. Na akulu aja awonjezela bwino pa va kwaya."

Ndinamuyang'ana. Munthu sanazindikire mayi ake, sanazindikirenso ngakhale mawu amene analemba yekha m'mawa womwewo. Ndinamusiya n'kupita kwa mkulu wa mpingo, amene anabisala mvula m'chigafa, n'kumuuza chapansipansi kuti wawerenga mbiri ya munthu wina. Anamasula mphira, anatulutsa pepala, analiika pafupi ndi mphuno mpaka anapeza dzina.

"Aa, nalakwisa," anatero. "Koma vinakwana bwino, aticha. Palibe pamene panasala."

Sanali kunyoza. Ankanditonthoza, ndipo n'chimene chinandipsetsa mtima kwambiri, chifukwa ankanena zoona. Mbiri zathu zili ngati chitenje, aliyense chimamukwana.

Msuweni wanga wamkazi kumanda anaima kumapeto kwenikweni, pafupi ndi tchire, kumene kumaima anthu osafuna kuonedwa. Ndinakamupeza kukhitchini ya mayi ake akukwecha mapoto ndi mchenga, yekha, amayi ena atathawira mvula m'nyumba yaikulu. Sanadzutse mutu.

"Amama anaimba liti kwaya?" anafunsa.

Ndiye pagulu lonse lija tinamva ndife awiri. Ndinakhala pa mtondo wogwetsedwa, n'kumuuza zonse, za m'chigafa ndi za Baibulo lotupa. Anaseka kuseka kouma. Anati iye sanadabwe, anangoganiza kuti umo ndi mmene amachitira, kuti ukafa amakuchapa kaye kuti ukwane pakati pawo. Anati pomvera paja anadziuza kuti ngati amama akuwerengedwa chonchi, ndiye kuti a mgolo alibe malo ngakhale m'manda.

Ndinatulutsa pepala m'chikwama. Ndinamuuza kuti awa ndi mawu a mayi ake, kuti anafuna awamve pagulu, koma gulu lake ndi lomweli, iye ndi ine ndi mapoto. Ndinawerenga mokweza chifukwa mvula inali kusokosa padenga. Pa mawu akuti kachasu manja ake analeka kukwecha. Pamene ndinafika pa mayi wa bulauzi yoyera anadzutsa mutu.

"Nibakumbuka amama aja. Benze kunipasa nshawa zija benze kusenda. Nenze kuganiza ati abwela kugula, manje achita manyazi."

Nditamaliza sanalire. Anatenga poto wina, anamuyang'ana mkati, n'kumuikanso pansi.

"Manje ine nikafa, muzaniwelengela ya ndani?"

Ndinangoti yake, ndipo kuti tiyambe kuilemba akadali ndi mpweya.

Kuyambira pamenepo mbiri za pamaliro ndimalembabe, poti akandiitana sindingakane anthu ali m'chisoni, koma mtima wanga uli pa ntchito ina. Ndikufuna kutulutsa timabuku tating'ono, m'Chinyanja chathu chomwechi, tokasindikiza ku Chipata, toti munthu atha kutigula pa msika wa Lundazi pafupi ndi tomato n'kukawerengera anzake pakhonde. M'menemo mukhale anthu akwathu akufotokoza okha moyo wawo ali moyo, opanda wachibale woimirira kumbuyo ndi chofufutira. Nkhani yoyamba ndi ya azakhali. Msuweni wanga wamwamuna atamva anasiya kundiyankha foni. Amayi ena a chigwirizano anandiuza kuti Mkhristu azilemba zolimbikitsa. Ndinawafunsa kuti munthu amene ali m'matope amalimbikitsidwa bwanji ndi nkhani ya munthu amene sanapondepo matope, iwo n'kuti ine vuto langa ndi sukulu.

Sindinama kuti msuweni wanga wamkazi anabwerera kutchalitchi. Sanabwerere, ndipo mgolo ukadali pamoto. Chimene chilipo n'chakuti Lachinayi ndikaweruka kumapemphero ndimawoloka dambo, n'kukakhala pa chitsa kuseri kwa nyumba yake, kope pamwendo. Iye amasonkheza moto n'kumayankhula, ine n'kumalemba, utsi ukundilowa m'maso. Akulu a mpingo atumiza kale munthu kudzandifunsa chimene ndimakatenga kumeneko nditavala yunifomu. Bulauzi yanga yayamba kutuwa m'khosi, ndipo sopo wake sindinamupeze.

Lachinayi lapitali anandifotokozera za tsiku limene mwamuna wake anabwera kudzatenga njinga ndi wailesi n'kupita kwa mkazi wina. Nditalemba anati ndimuwerengere. Dzanja langali linazolowera zoipa, moti osadziwa ndinali nditalemba kuti iye anapirira mofatsa, n'kusiya zonse m'manja mwa Mulungu.

"Apo mwanama, asisi," anatero. "Ninamutema na chikuni pamsana. Fufutani."

Ndinafufuta, n'kulemba za chikunicho.